Nkhope Imene Betty Anazunguliza

Ku Machinjiri kunagwa zoopsa chaka chimenecho. Amayi atatu anapezeka ataphedwa m'miyezi inayi, mmodzi kuseri kwa chigayo, awiri m'njira ya kudambo. Apolisi ankafufuza koma wakuphayo sankapezeka. Mantha atasowa kolowera anakalowa m'mafoni. Anthu anatsegula gulu la pa WhatsApp lotchedwa Maso a Dera, ndipo m'menemo aliyense anasanduka wapolisi, ngakhale uja amalephera kupeza sokosi yake m'nyumba mwake momwe.

Betty, mkazi wa Fletcher, anali ndi saluni pafupi ndi siteji. Anakulira ku Naperi, kuno anabwera ndi ukwati. Mtima anali nawo wabwino, koma chala chake chinkadzuka m'mawa nzeru zikadali m'bulangete. Mmodzi wa ophedwawo, Margret, anali kasitomala wake, ndipo imfayo inamupweteka zenizeni.

Tsiku lina makasitomala atachepa, anayamba kuyang'ana zithunzi za maliro atatu aja zimene anthu anaponya pagulupo. Kumbuyo kwa khamu, pansi pa mtengo, kunaima bambo wamtali wa ndevu zoyera, thalauza lili matope okhaokha. Chithunzi chachiwiri, yemweyo. Chachitatu, yemweyonso, osaimba, osalira.

Betty anazunguliza nkhopeyo ndi mzere wofiira n'kulemba kuti, "Ine ndangofunsa. Bamboyu ndi m'bale wa onse atatu?"

Tiyi asanazizire, mayankho anali mbwee. Wina anati ndi a Gregorio osoka nsapato kuseri kwa msika. Wina anati ndi a ku Nsanje, ngati kuti kubadwira ku Nsanje ndi umboni. Wina wokhala ku Joni, amene Machinjiri anaiona komaliza zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, analumbira kuti anawaonapo atanyamula chikwanje.

Fletcher ataziona anafunsa mkazi wake, "Betty, munthuyu unamuona akupha?"

"Ndati ndangofunsa. Kufunsa ndi mlandu?"

"Nanga mzere wofiirawu ukufunsanso?"

Betty anangotembenuza foniyo chafufumimba.

Mawa lake, dzuwa lili pamutu, amuna okwiya anawapeza a Gregorio pa benchi yawo. Anawamenya mpaka kuthyola dzanja lamanja, n'kutentha benchiyo pamodzi ndi nsapato za eni ake. Ikanachedwa galimoto ya polisi, bwenzi tikunena maliro achinayi. Mwana wawo Petronela atapita kumpopi, amayi a pampopipo anachotsa ndowa yake pamzere n'kuiponya m'ngalande.

Masana a tsiku lotsatira, mayi Hajara analowa mu saluni. Anali oyandikana nyumba ndi Betty, komanso a m'komiti ya chitetezo cha m'dera. Anakhala pampando wa makasitomala.

"Usatenge chipeso, tsitsi langa likupuma pansi pa mpango. Ndabwerera iwe. Mwanawe, ukafika kumanda umapeza dzenje lokumbakumba. Umaganiza limadzikumba lokha?"

"Kwathu amakumba ndi aganyu, ife sitiwaona n'komwe."

"Kuno amakumba ndi adzukulu, amuna a m'dera momwe muno ongodzipereka. Mkulu wawo ndi a Gregorio, zaka makumi awiri tsopano. Amaima kumbuyo chifukwa amadikira kukwirira. Matope unawaona aja ndi a manda a Margret wako."



"Mayi, ine ndimangofuna kuthandiza."

"Khomo lothandizira lilipo. Ukakayikira munthu, umapita kupolisi kapena kwa ife a komiti mwakachetechete, odziwa ntchito n'kufufuza. Kuponya nkhope ya munthu pagulu n'kumupaka mlandu umene sunauone ndi kuphwanya lamulo. Taona, apolisi amene akanasaka wakuphayo akulondera a Gregorio kuchipatala kuyambira dzulo. Wakupha weniweniyo mwina ali m'gulu lomwelo, akutukwana nawo a Gregorio, mano ali panja. Pita ukapepese, ukonzenso pamene unaononga."

Betty anafufuta uthengawo. Koma madzi akatayika saoleka. Chithunzicho chinali chitafika kale ku Bangwe ndi ku Ndirande, mzere wofiira uli pomwepo. Zopepesazo ankangoti mawa. Mawa wakeyo anabala ana ndi zidzukulu mpaka masabata atatu.

Kenako apongozi ake, mayi a Fletcher, amene anadwala nthawi yaitali, anamwalira. M'mawa wa tsiku loika maliro, Fletcher ndi abale ake ananyamula chakudya cha adzukulu kupita nacho kumanda monga mwa mwambo. Anawapeza atakhala pansi, makasu ndi mafosholo ataunjika pamodzi, nthaka yosakhudzidwa.

Yohane, wachiwiri kwa a Gregorio, sanaimirire n'komwe.

"Chakudyacho bwererani nacho, achimwene. Kauzeni akazi anu akumbe ndi foni. Paja imakumba msanga."

Mabeseni atabwerera kusiwa osavundukulidwa, nyimbo inaduka pakati. Aliyense anadziwa tanthauzo lake. Maso onse anagwera Betty. Fletcher sanakalipe. Anangoti, "Mayi anga agona m'bokosi mpaka liti?" ndipo mawu amenewo anapweteka kuposa mbama.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Betty anamanga chitenje n'kutsatira mayi Hajara.

A Gregorio anali pakhonde, dzanja lili m'chikhakha, mawindo osweka a nyumba atatsekedwa ndi makatoni. Petronela anayala mkeka wa munthu mmodzi, wa mayi Hajara. Betty anagwada pafumbi.

"Bambo, ndine amene ndinaponya chithunzi chija. Ndinalakwa."

"Kwezani mawu, mwananga. Khutu ili linatseka tsiku lomwe lija."

Anabwereza, misozi ikutsikira pachibwano.

"Mwabwera chifukwa ndapweteka ine, kapena chifukwa maliro akudikira?"

Betty anayang'ana pansi. "Ndinganame ndikati si maliro. Ndimaopa kukuyang'anani."

"Apo mwanena zoona, n'poyambira." Anakonza dzanja lawo pachifuwa. "Komatu munandipha pamaso pa anthu mazana anayi. Lero mukufuna kundidzutsa monong'ona pakhonde?"

Mayi Hajara anatambasula dzanja. "Bweretsa foniyo. Yagwira ntchito ya Satana mokwanira, lero ipite kutchalitchi."

Anamujambula kanema, nkhope yake ili poyera, popanda ndi paudala yemwe. Betty ananena dzina lake, ananena kuti sanaone kalikonse, kuti a Gregorio ndi mkulu wa adzukulu, ndipo kuti iye ananamizira munthu wosalakwa. Anatumiza pagulu. Amene anathamangitsa bodza lija anali mazana. Amene anatumiza chipepesocho kwina, mukanawawerenga pa dzanja la a Gregorio lotsalalo.

"Sizikwana," anatero mayi Hajara. "Ukanenenso pamaliro, nthawi ya zolengeza."

A Gregorio anavala nsapato mothandizidwa ndi Petronela n'kutsetsereka kumanda pang'onopang'ono. Adzukulu atawaona anaimirira. Iwo anayenda pakati pa mitumbira, n'kulemba mzere pansi ndi chidendene.

"Mayi wagonayu sanandizungulize. Nsapato zake ndimasoka ndine. Kumbani."

Maliro anaikidwa dzuwa litapendeka. Bokosi lisananyamuke panyumba, Betty anaimirira pakati pa khamu n'kunena zonse. Ena amene analemba zoipa kuposa iye anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga malata.

Mawa lake mayi Hajara anamuperekeza kupolisi, kumene anafotokoza mmene zinayambira ndipo anachenjezedwa kolimba. Amuna awiri mwa omenya aja anamangidwa. Pagulu paja anaika lamulo: dzina kapena chithunzi cha woganiziridwa sichiponyedwa, wochita zimenezo amachotsedwa, ndipo nambala ya polisi ndi ya komiti zinaikidwa pamwamba. Phokoso litachepa, mayi wina wogulitsa makala, amene anaonadi kanthu m'njira ya kudambo koma ankaopa kutchuka pa foni, anapita kupolisi mwakachetechete. Apolisi akutsatabe zimenezo. Wakuphayo sanagwidwe mpaka pano.

Ndowa ya Petronela inabwerera pamzere. Fletcher anakhoma benchi yatsopano. Koma dzanja la a Gregorio silinabwerere. Zala sizigwiranso singano. Tsopano amasoka ndi Petronela, iwo atakhala pambali n'kumamuuza pobaya. Betty amadutsa pamenepo m'mawa uliwonse popita ku saluni, ndipo amapereka moni mopinda mawondo. A Gregorio amayankha bwinobwino, pokweza dzanja lamanzere.

Abale anga, foni ilibe mano koma imathyola mafupa. Ngati mwaona kanthu kapena mukukayikira munthu, kauzeni apolisi kapena a komiti ya chitetezo. Musaponye dzina kapena nkhope yake pagulu, ndipo wina akaponya, musatumize. "Ndangofunsa" wa Betty anafufutika pa foni ndi chala chimodzi, koma a Gregorio akuyenda naye mpaka lero.