Gewele Wonong'ona wa Alaji Fall

Monga zinalili kuyambira nthawi ya agogo awo, ntchito ya a Madike Mboup inali imodzi: Alaji Birane Fall akanong'ona, iwo azikuwa. Mfulu, munthu wobadwa bwino, sakweza mawu pagulu, n'chifukwa chake Mulungu analenga gewele, womuyankhulira ndi kumutamanda.

Ndiye taganizani gewele amene mawu ayamba kumukanirira pakhosi. Akati atchule "Fall", dzinalo linkatuluka modukaduka ngati wina wawakanyanga. Anamwa uchi, jinja, madzi a kwa shehe, koma ayi ndithu. Uku gewele mnzawo Ngagne Samb, wa kholingo ngati hutala ya basi, anali atayamba kudwala matenda okalonjera Alaji m'mawa uliwonse.

Dokotala wa ku Dakar anati minofu ya mawu ikukungika mopitirira, aibaya poizoni kuti ifooke.

"Poizoni? Adokotala, wakutumani ndi Ngagne?"

"Kadontho chabe, bambo Mboup. Masiku oyamba muzingonong'ona, kenako mawu abwera."

A Madike anangomvapo zoti mawu abwera. Anakweza chibwano, singano n'kulowa.

Loweruka lomwelo kunali kutcha dzina mdzukulu wa Alaji. Nkhosa itazingidwa, Alaji anapendeka n'kunong'ona mawu othokoza apongozi ochokera ku Louga. A Madike anadzuka, anatambasula mkanjo, anayasamula kukamwa. Kunatuluka mpweya wokhawokha.

"Akuti chiyani?" anafunsa mayi wina kumbuyo, ali ndi mbale ya phala. "Kapena lero gewele nayenso wakhala mfulu?"

Anthu anafa nacho chiseko. Ngagne anali atafika kale, mano onse pamtunda.

"Pumani, akulu anga, ndikuthandizeni," anatero, khutu likulunjika pakamwa pa Alaji.

A Madike anadziwa kuti khutu limenelo likangofikapo, silidzachokanso. Anamugwira pakhosi pa mkanjo n'kumukokera kwa iwo.

"Pakamwa pa Fall pamafika khutu la Mboup basi," anamunong'oneza. "Ukufuna kukuwa, mphwanga? Uzimvera kwa ine."

Zinayenda choncho. Alaji kunong'oneza a Madike, a Madike kunong'oneza Ngagne, Ngagne kukuwa mpaka nkhunda kuthawa padenga. Apongozi anayang'anana.

"Mwaona kumene takwatiwitsa mwana?" anatero wamkulu wawo. "Ngakhale gewele wawo ali ndi gewele wake!"

Alaji anamva, ndipo anatupa ndi kunyada mpaka mpando kuchepa.

Patapita masabata angapo mawu anabweradi, osalala kuposa a paunyamata. A Madike anavala mkanjo wa Lachisanu n'kuthamangira kwa Alaji. Ali pachipata anakuwa mokoka kuti "Faaall!", msewu wonse unatembenuka.

Alaji anali pamkeka ndi alendo, akumwa tiyi. Anakodola a Madike ndi chala mpaka khutu linafika pamalo pake.

"Mboup, phokoso limenelo n'lachiyani? Ukufuna anthu aziti ndasauka? Ngati uli ndi mawu, uza Ngagne."