Nyali Ziwiri za Dona

Achimwene atabwera kuchokera kunja, patatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, analira. Misozi yeniyeni, ndi mamina omwe. Koma musaganize kuti ankalirira bambo, amene anali pakhonde ndodo ili pakati pa miyendo. Ayi ndithu. Bambo anawapatsa moni ndi dzanja limodzi, linalo lili pa foni. Misozi inatuluka titazungulira kuseri kwa nyumba, ataona Dona.

Dona ndi galimoto. Bambo anaigula asanakwatire, yakuda bii, yamphuno yaitali, nyali zake zozungulira ngati mbale. Malemu mayi ankati ndi mkazi mnzawo, ndipo sankanama, chifukwa Loweruka lililonse Dona ankasambitsidwa iwo asanapatsidwe ndi moni yemwe. Koma tsiku limenelo Dona anali pa njerwa zinayi, matayala ataphwa n'kung'ambika, mipando makoswe ataimaliza, nkhuku zikuikira mazira pomwe ankakhala dalaivala. Achimwene anatukula boneti n'kupeza mphako. Injini inalipo, koma zoizungulira zonse zinali zitapita.

"Ndani wachita zimenezi?" anakuwa achimwene. "Iwe, umakhala pompano, akuba akumaliza galimoto ya bambo iwe uli phee?"

Ndinangoti, "Tiyi wazizira, achimwene."

Wakubayo ndinali ine, ndipo ndilibe manyazi. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ya nsapato, ndipo ndi makina amenewo ndalera ana awiri ndi nkhalamba imodzi. Chaka chimene bambo anaterereka m'bafa n'kuthyoka chiuno, ndinalembera achimwene. Anayankha kuti zinthu zavutako pang'ono, n'kutumiza chithunzi ali pafupi ndi chipale chofewa. Chithunzi sichilipira chipatala. Bambo ndi amene anandiitana pabedi lawo n'kunena kuti, "Tenga sipanala zanga, kachotse giyabokosi. Koma usamuuze mlongo wako, angade nkhawa."

Angade nkhawa! Ine ndiye ndinalibe mtima woda nkhawa, eti?

Kuyambira pamenepo zinakhala choncho. Mankhwala a shuga akatha, bambo ankakhala pampando pafupi ndi Dona n'kumandiuza nati yoti ndimasule, ine ndili chagada pansi pa galimoto, dzimbiri likugwera m'maso. Kabuleta anapita, rediyeta anapita, sitata, mabampala, hutala. Zonse ndinkapita nazo kwa mkulu wina wogula zitsulo zakale kuseri kwa msika, amene anthu amamutcha Fisi chifukwa amadya mitembo ya magalimoto. Ankandipatsa zochepa, akulira ngati ndamubera. Ng'ala itaphimba maso onse awiri a bambo, ndinachotsa nyali yakumanzere ndi zonyezimira zonse zakutsogolo, n'kuonjezerapo zimene ndinkasungira makina atsopano. Zinakwanira opaleshoni ya diso limodzi. Nyali yakumanja Fisi anaikana poti inali yosweka, ndipo anaiswa ndi achimwene omwewo ndi mpira ali mnyamata.

Ndiye achimwene atafika, diso lakumanja la bambo linali likudikira. Adokotala anali atanena mosapsatira kuti ng'alayo yakhwima kwambiri, tisapyole miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi diso lifa. Ndinawauza achimwene tsiku lachiwiri lomwe, mbale zili patebulo.

"Zachipatala sizithawa," anatero achimwene. "Tiyambe taimika Dona. Ndikufuna bambo amuone akuyendanso."

"Amuone ndi chiyani?"

"Iwe vuto lako ndi kamwa. Miyezi itatu yokha, amakanika andilonjeza."

Bambo, m'malo mondithandiza, anangoti mwana wabwera ndi maganizo abwino, tisamugwetse mphwayi. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, amatero akuluakulu, koma sananene kuti kalumoko kamameta ndani.

Dona anamukokera kugalaja ya amakanika ena achikulire, a ovolosi yolimba ndi girizi moti ikhoza kuima yokha. Galajayo ndi shedi ya malata, pakati pali dzenje, kukhoma kuli kalendala ya zaka zisanu zapitazo, pakhomo pali galu amene amadana ndi aliyense wosanunkha mafuta. Ndinkadutsapo popita kuntchito, ndipo ndinaona ndi maso anga mmene chitsulo chimadyera munthu.

Injini inali itauma gwa. Anaithira mafuta milungu itatu, anaimenya ndi thabwa, pomaliza anaiphwasula yonse n'kupeza kuti madzi amvula analowa kalekale. Nati iliyonse imene ankaigwira inkaduka, ndipo kuchotsa chotsalira m'kati linali tsiku lathunthu. Atapala penti pachitseko kuti aone dzimbiri, chala chinabowola n'kutulukira mbali ina. Pansi ponse, pomwe munthu amapondapo, panali ngati sefa, mpaka anaitana wowotcherera amene anadula n'kuikamo chitsulo chatsopano. Mawaya makoswe anali atawadya, ndipo wa zamagetsi anagwira mutu n'kutchula mtengo umene unachititsa achimwene kukhala pansi pa tayala. Mapisitoni a mtundu umenewo anasiya kupanga ine ndisanabadwe. Anaitanitsa kunja, anadikira miyezi iwiri, atafika anapezeka kuti ndi aakulu. Anaitanitsanso.

Amakanika ankangoti, "Bwana, galimoto yakale ili ngati dzino lobowoka. Ukaligwira ndi pamene umadziwa kuti linzake nalonso lapita."

Miyezi itatu inakhala isanu. Ndinawakumbutsa achimwene za diso. Anati ndalama zonse zili mu injini, ndidikire mwezi utha. Mwezi unatha, winanso unatha. Ndinapita kwa alamu anga, akazi awo, amene anandiyankha akupenta zikhadabo kuti iwo nkhani za kuchimuna salowerera. Ndinayesa kusonkhanitsa ndekha, kusoka mayunifolomu mpaka msana kuuma, koma fizi ya ana inali pakhosi. Ndikuuzeni zoona, tsiku lina ndinaima pampanda wa galaja ndikuganiza zolowa ndi sipanala n'kuyambanso ntchito yanga yakale. Galu uja ndi amene anandiletsa.

Chimene chinkandiwawa koposa ndi ichi. Chitsulo chilichonse chikasowa, amakanika ankati pali munthu mmodzi yekha m'tauni muno amene angakhale nacho. Achimwene ankapita kwa Fisi, ndipo Fisi, modabwitsa, ankakhala nacho. Nanga akanagulitsa kwa ndani, galimoto yotero inatsala imodzi? Anangosunga zonse pashelefu, akudziwa kuti tsiku lina mwini fupa adzabwera. Kabuleta amene anandigula ngati akugula tomato anawagulitsa achimwene pamtengo wokwera kakhumi. Madzulo ankabwera kunyumba akunyadira.

"Taona mwayi wanga! Kabuleta weniweni, wa chaka chomwecho. Akulowa ngati anabadwira pomwepo."

Ndinkaluma lilime mpaka kumva magazi. Bambo ankayang'ana kumbali.

Nyali yakumanja yokha ndi imene Fisi analibe. Imeneyo achimwene anaifunafuna pa foni milungu ingapo, mpaka anaipeza kwa munthu wina wakutali amene amasunga zakale. Inabwera pandege, m'bokosi, itakulungidwa ngati khanda. Ananditchulira mtengo wake akuseka, kuti ndione mmene amakondera bambo. Unali woposa wa opaleshoni ya diso. Tsiku limenelo ndinasoka kolala ya malaya chadodolido kawiri konse.

Dona anatuluka m'galaja patatha chaka ndi miyezi iwiri. Linali Loweruka masana. Tinamva hutala kumsewu, uja wa mawu awiri, ndipo bambo anadzidzimuka pampando ngati awaitana dzina. Ana a m'makomo oyandikana anathamangira kugeti. Dona analowa akunyezimira, wakuda ngati nsapato yatsopano, nyali zonse ziwiri zoyaka dzuwa lili pamutu. Sindinama, anali wokongola, ndipo kukongolako kunangondiwonjezera mkwiyo.

Koma achimwene anatsika nkhope ili gwa. Amakanika anatsika mbali inayo, akupukuta manja oyera kale.

"Iwe, bwera kuno," anatero achimwene, natukula boneti. "Ukuona timadontho titatu pa kabuletayu? Ukutiona pa rediyeta? Pa sitata?"

Ndinkatidziwa bwino. Bambo anali ndi chizolowezi chokhoma timadontho titatu ndi msomali pa chitsulo chilichonse cha Dona, kuti m'magalaja asamawasinthire ndi chakutha.

"Amakanika aona kuti timadontho tomweti tili pa injini imene sinachoke pano," anapitiriza achimwene. "Ndiye kuti chaka chonsechi ndakhala ndikugula galimoto yanga yomwe! Ndapita kwa Fisi, ndamugwira pakhosi, ndipo wandiuza amene ankamubweretsera. Mlongo wanga weniweni! Wakuba m'nyumba ya bambo ake! Ukudziwa ndalama zimene ndataya chifukwa cha iwe?"

Alamu anaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti pali chinachake. Anthu anali atadzaza pageti.

Apa ndiye lilime lija ndinalimasula. Ndinapita pakhonde, ndinawagwira dzanja bambo n'kuwaimiritsa pafupi ndi galimoto.

"Mukufuna zitsulo zanu, achimwene? Bwerani ndikuonetseni kumene zili. Giyabokosi ili apa." Ndinagwira chiuno cha bambo. "Muli chitsulo m'menemu, anaika adokotala, mukhoza kugogoda. Kabuleta, rediyeta ndi sitata zili m'magazi awo, zinalowa ndi jakisoni m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi, wobaya ndine. Mabampala anagula mabedi awiri chifukwa loyamba linawola ndi mkodzo, wochapa ndine. Nyali yakumanzere ndi iyi." Ndinaloza diso lawo lakumanzere. "Ndi imene akukuonerani pano. Inu munkatumiza zithunzi, ife tinkatumiza zitsulo. Mukadafunsa kamodzi kokha kuti kodi bambo akhala bwanji moyo zaka zonsezi, mukadadziwa tsiku lomwe munafika. Koma munafunsa za boneti."

Achimwene anatembenuka. Anayang'ana bambo.

"Ndinkamutuma ndine," anatero bambo motsitsa. "Sipanala ndinkamusankhira ndine."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Za diso ndinakuuzani katatu," ndinatero. "Kapena mumafuna ndikhome timadontho titatu pachipumi pawo kuti muwazindikire?"

Amakanika anatsokomola n'kuyamba kuyang'ana tayala limene linalibe vuto. Alamu analowa m'nyumba. Pageti anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akuyang'anabe m'mbuyo.

Achimwene anavula magalasi awo n'kupukuta kumaso. "Chabwino," anatero. "Ndalakwa. Lolemba m'mawa tipita kuchipatala, pa Dona yemweyu. Ndilipira zonse. Ngakhale kumugulitsa, ndimugulitsa."

Ndinkaganiza kuti tsiku lodzawauza ndidzamva kukoma. Sindinamve kukoma kulikonse.

"Tinapita Lachiwiri lapitali, pa minibasi," ndinatero. "Inu munali kokasankha nsalu ya mipando. Adokotala anayeza kawiri. Diso lija linafa, achimwene. Palibenso choti achite."

Bambo anali atandisiya dzanja. Ankayenda pang'onopang'ono mozungulira Dona, chikhatho chikusisita penti, ngati mmene ankachitira Loweruka lililonse ife tili ana. Atafika kutsogolo anawerama, napapasa mkombero wa nyali yakumanzere mpaka chala chinapeza timadontho take. Kenako anapapasa yakumanja, nazunguliza chala kawiri, osapeza kanthu.

"Iyi ndi yachilendo," anatero. "Koma yakhala bwino. Dona akuona ndi maso onse awiri tsopano. Wagwira ntchito, mwana wanga."

Ananena zimenezi akuyang'ana kumene achimwene anaima poyamba. Koma achimwene anali atasuntha, ataima pafupi nawo kudzanja lamanja, moti akadatambasula mkono akadawakhudza phewa. Misozi inkatsika mwakachetechete, yosiyana ndi ya tsiku lija.

Bambo anadikira yankho, kenako anatembenukira kwa ine.

"Kodi mlongo wako wachokapo?"