Mabuku a Lachitatu

A Luckson anagwira buku lina kumsana kwake n'kulikutumula ngati mphasa. M'katimo munagwa kapepala. Anakatola, anaona kuti si ndalama, ndipo anakaponya pansi pamene panali kale tinzake tambiri.

"Akulu anga aja anali ochenjera," anatero. "Munthu sungakhale kalaliki ku esiteti ya tiyi zaka makumi awiri n'kufa ndi njinga yokha. Penapake anabisa kanthu."

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda a Chester Muhowa, tsiku logawa katundu wa malemu. A Chester anali mkamwini pamudzipo, choncho abale awo anabwera kudzatenga za m'bale wawo monga mwa mwambo, motsogozedwa ndi mng'ono wawoyo. Pamphasa panali jekete, nsapato zakuda, wailesi yosalira ndi katoni ya mabuku. Njinga inali itatsamira mtengo wa mapeyala, ndipo a Luckson anali atayesa kale mabuleki ake kawiri. Milungu iwiri yonse imene mkulu wawo anagona m'chipatala, bambowa sanapondeko ngakhale ndi nthochi imodzi, koma pa tsiku logawali ndiwo anali oyamba kufika.

Esteri, mwana yekhayo wa malemu, anaima pakhomo atapinda manja. Anali atabwera kuchokera ku Limbe kumene amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Mtima wake unali kuwira, ndipo sankakwiyira a Luckson okha. Kunena zoona, ankakwiyira kwambiri katoni ija.

Chipumireni pantchito, a Chester anadzipereka ku laibulale ya anthu onse ya pa Limbuli, kachipinda kamodzi ka mashelefu anayi kuseri kwa msika. Sankalandira kanthu. Loweruka ankakatenga mabuku n'kubwera nawo kunyumba, ndipo Lachitatu ankawamanga panjinga n'kuzungulira m'midzi ndi m'malaini, nyumba za antchito a ku esiteti, kukasiyira anthu amene sakanatha kufika okha. Loweruka lomaliza chiperoni chinawapeza panjira. Anavula chikhoti chawo chamvula n'kufunditsa katoni, iwo n'kupalasa ulendo wonse ndi malaya okha. Mabuku anafika ouma. Lachitatu lake a Chester anapita kuchipatala ndi chibayo, ndipo sanabwereko.

"Mulibe kanthu umu," anatero a Luckson atakutumula buku lomaliza. "Komabe ndiwatenga. Anyamata a tchipisi ndi amayi a mandazi akusowa mapepala masiku ano."

"Tengani, bambo aang'ono," anayankha Esteri. "Kaya mukulungira mandazi, kaya muyatsira moto. Ine ndisawaonenso pano."

Mayi ake, a Dainess, anali pakhonde atafunda chitenje chakuda. Anadzutsa mutu, anayang'ana mwana wawo, n'kuweramanso. Namfedwa pa tsiku lotere sayankhula zambiri. A Dainess sanapondepo m'kalasi, ndipo Esteri anakula akuona mabuku ngati mkazi wachiwiri wa bambo ake, mkazi amene sankalima, sankatunga madzi, koma ankalandira ulemu wonse. Mayi wina wa kuchimuna anabwera ndi tsache, anasesa timapepala tija pamodzi ndi masamba, n'kukathira pamoto pamene ankawiritsapo madzi a tiyi.

Timapepalato tisanathe kunyeka, kunamveka odi. Anali a Hashimu, telala wokalamba wa kumalaini, akutsika pa kabaza ndi ndodo yawo. Kukhwapa kwawo kunali buku lokulungidwa m'jumbo. Anapepesa onse mwaulemu, kenako maso awo anagwera pa mulu wa mabuku uli pafumbi.

"Ndabweretsa ili," anatero. "Buku la anthu siligona kwa munthu mmodzi milungu inayi. Ndinati mwina pakhomo pano mudziwa kolipereka." Anawerama movutikira n'kutsegula buku limodzi, kenako lina. "Nanga timapepala tija tili kuti?"

"Zinyalala zija tawotcha," anayankha a Luckson.

A Hashimu anayang'ana kumoto kuja kwa nthawi.

"Sizinali zinyalala, bambo. Kapepala kalikonse kanali ndi dzina la munthu amene buku likupita kwa iye. Mabukuwa si a malemu. Taonani chidindo ichi. Ndi a laibulale."

"Chimene tapeza m'nyumba ya malemu n'cha malemu," anatero a Luckson. "Chidindo munthu amang'amba."

"Mukang'amba, anthu a komiti ya laibulale adzati mabuku anasowera m'manja mwa a Chester. Ulendo wa Lachitatu adzauthetsa, ndipo pamsika padzamveka kuti mkulu wanu anadya mabuku a anthu."

Apa Esteri anatsika pakhonde. Sanapite kwa a Luckson. Analunjika kwa mlendoyo.

"Inu ndi amodzi mwa iwo, eti? Amene munkakhala pansi kudikira munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri kuti akupalasireni njinga pamvula? Munawapatsapo chiyani? Ndani wa inu anawauzapo kuti bambo, pumulani, nyengo yaipa? Tangowaika kumene m'manda, inu mukubwera kudzafunsa za timapepala."

Anthu onse anatembenukira kwa iye. Kulankhula chonchi kwa munthu wamkulu, mlendo wodzapepesa maliro, n'kopanda mwambo, ndipo Esteri ankadziwa. Sanabweze mawu ake.

A Hashimu anatsamira ndodo yawo.

"Kwiyani, mayi. Mukunena zoona, sitinawauze. Tinazolowera kumva belu la njinga yawo, basi." Anapuma pang'ono. "Bambo anu munthu wokwiya ankamukonda. Ukabweza buku sankafunsa ngati lakusangalatsa. Ankati pamenepo aliyense amanama, amangoti linali bwino. Iwo ankafunsa kuti, chakukwiyitsani n'chiyani m'bukuli? Ukayamba kulalata, iwo ankamvetsera, n'kulemba m'kabuku kawo. Lachitatu linalo ankabwera ndi buku lokuyenera ngati malaya oyeza ndi tepi. Ine ndasoka zaka makumi anayi, koma kuyeza munthu chonchija sindinakuonepo."

"Nkhani zabwino," anatero a Luckson, akubwezera mabuku m'katoni mwachisawawa. "Koma ife dzuwa likutithera."

Esteri anaponda chivundikiro cha katoniyo.

"Isiyeni."

"Iwe, si iwe wanena pompano kuti tiyatsire moto?"

"Ndanena ine, mwana wawo. Ine ndinawasambitsa m'chipatala, ndinawamwetsa phala, ndinawamva akutsokomola mpaka mpweya kutha. Ine ndili ndi ufulu wowakwiyira, inu mulibe. Jekete tengani, nsapato tengani, njinga mwaiyesa kale. Koma bambo anga simuwasandutsa mbala chifukwa cha mapepala a mandazi."

"Ukuyankhula ndi ine chonchi pamaso pa anthu?"

"Mukanabwera kuchipatala tikanayankhulana kumbali."

A Luckson anayang'ana abale awo kuti wina awathandize, koma aliyense anali atapeza chochititsa chidwi pa zala zake. Anatsonya. Anakulunga jekete ndi nsapato, anamanga wailesi yosalira ija pakaliyala, n'kutuluka akukankha njinga. Abale ena anatsanzika mwamanyazi n'kuwatsatira.

Pabwalo panatsala anthu atatu ndi katoni. Esteri anagwada n'kuyamba kupukuta fumbi pa mabuku. Mabukuwo analipo makumi awiri ndi atatu, ena achichewa, ena achizungu, onse opanda dzina la wowadikira.

"Kabuku kamene ankalembamo kaja kali kuti?" anafunsa a Hashimu.

"Kanali m'thumba la malaya tsiku la mvula lija," anayankha Esteri. "Kanasanduka phala."

"Ndiye basi. Abwerere pashelefu. Anthu aja kulaibulale sangafike, ndipo atafika sangadziwe poyambira. Ine ndinapitako kamodzi, ndinangozungulira mashelefu n'kutuluka chimanjamanja."

Pamenepo a Dainess anadzuka pakhonde. Anabwera pang'onopang'ono, anakhala pamphasa n'kutambasula miyendo. Anatenga buku lachikuto chobiriwira, ataligwira chadodolido, n'kulipereka kwa a Hashimu.

"Ili n'lanu. Munakwiya kuti m'buku lija mbala sinagwidwe. Umu imagwidwa, koma simukondwa naye amene waigwira."

Anatenga lina lokhala ndi chithunzi cha basi.

"Ili n'la Rosie wothyola tiyi uja. Anati watopa ndi akazi okhululuka msanga. Wa umuyu sakhululuka mpaka kumapeto." Analiika pambali. "Ili lochindikala n'la a Kondie, aphunzitsi opuma aja. Iwo amadana ndi buku lotha msanga. Ili la nkhuku n'la a Zaituni. Anati lija linalembedwa ndi munthu amene sanaonepo chitopa."

Anapitiriza chonchi, buku ndi dzina, buku ndi dzina, nthawi zina akulisisita kaye chikuto asananene. Pa lina anaseka pang'ono, kuseka koyamba chichitikireni maliro. Esteri anangoti kukamwa yasa.

"Amayi, mukudziwa bwanji zimenezi?"

"Ankandiwerengera."

"Liti?"

"Kuyambira Loweruka mpaka Lachiwiri, masana tikachoka kumunda. Ine ndikusenda nandolo, iwo akuwerenga. Achizunguwa ankawatembenuza m'Chichewa. Akawerenga pang'ono ankaima n'kufunsa kuti, mayi a Esteri, ili lipite kwa yani? Anthuwa ine ndimawadziwa kuposa iwo. Ndimakumana nawo kuchigayo, kumaliro, kusikelo. Timapepala tija dzanja linali lawo, koma mawu ambiri anali anga."

"Ine sindinazionepo."

"Ukabwera iwe tinkasiya. Ndinkawaletsa ndine. Ndinkachita manyazi kuti mwana wa sukulu aone mayi ake akuwerengeredwa ngati kamwana."

Esteri anayang'ana pansi. Zaka zonsezi ankamvera chisoni mayi ake, ndipo chisonicho ankachinyamula monyadira, ngati kuti ndiye yekha amene ankawaona. Manyazi anamugwira, ndipo mkwiyo sunathe, unangosowa pokhala.

"Komabe chikhoti sakanavula," anatero ndi mawu otsika.

"Sakanavula," anavomera a Dainess. "Ndinawalalatira mpaka m'chipatala. Ndikuwalalatirabe. Tenga cholembera, ulembe mayina ndisanaiwale."

Esteri analowa m'nyumba, anang'amba mapepala m'kope lakale, ndipo analemba zonse zimene mayi ake ankanena. A Hashimu anati akalankhula ndi wakabaza wawo kuti Lachitatu azungulire nawo mabukuwo. Esteri anati ku Limbe apita Lachinayi.

Pomaliza pamphasa panatsala buku limodzi, laling'ono, lachikuto chong'ambika pakona. A Dainess analinyamula, koma sananene dzina.

"Nanga ili?" anafunsa Esteri.

"Ili tinakangana. Iwo amati n'la a Pilirani a kuchigayo. Ine ndimati ayi, a Pilirani mwana wawo anathawa pakhomo, ndipo umu muli mtsikana wothawa kwawo. Ndinati ngati sabwerera, bukuli likawapweteka. Bambo ako anati sitingapatse munthu tisanadziwe mathero ake, ndiye tiwerenge kaye mpaka kumapeto. Tinafika pakati, chifuwa chinawakanika."

Anatsegula pamene panali tsamba louma la nandolo, n'kupereka bukulo kwa mwana wawo. Kenako anakoka lichero limene linali pakhonde n'kuliika pamiyendo.

"Yambira pamenepo. Usathamange, iwo sankathamanga."