Mbendera ya Ashgrove Isatsike

M'sabata imene chipale chofewa chinayamba kusungunuka m'mapiri a Kentucky, nkhani itangomveka kuti makoleji atatu akuluakulu achoka m'ligi yawo kupita ku ligi ina yoonetsedwa pa wailesi ya kanema, Mayi Delphine Yarbrough, mphunzitsi wa timu ya basiketibolo ya atsikana pa koleji ya Corbin Hill, analowa m'holo yosewerera napeza Bambo Wendell Stroud, mkulu wa zamasewero, ali pamwamba pa makwerero.

Monga mwa mwambo, kudenga kunkalendewera mbendera za makoleji onse a m'ligi. Ziwiri za makoleji ochoka aja zinali kale pansi. Dzanja la bambowo linali pa yachitatu, yofiira, ya Ashgrove, adani awo a kalekale.

"Tsikani, Wendell, mungathyoke msana," anatero mayiwo. "Imeneyo isiyeni."

"Atithawa anthu amenewa, Delphine. Ndiye tiziwapembedza kudengaku?"

Mkwiyo wawo unali womveka. Matimu otsala m'ligi anali ofooka, ndipo osankha matimu opita ku mpikisano wa dziko lonse m'mwezi wa Marichi salabadira wogonjetsa ofooka okhaokha. Corbin Hill ikanatha kupambana masewero onse, dzina lake n'kumazilalabe.

"A Ashgrove andiimbira m'mawa," anapitiriza Bambo Stroud. "Akuti zosinthana mabwalo chaka ndi chaka zija zatha. Tikafuna kusewera nawo, tizipita kwawo basi, akatenthetsere miyendo pa ife. Ndawakanira."

"Aimbireninso. Muwauze kuti tikubwera."

"Kukanyozeka pamaso pa anthu awo?"

"Kunyozeka n'kukhala muno tikumenya ana a eni osatha n'kudumpha komwe, kenako n'kumadziombera tokha m'manja."

Kumapeto kwa bwalo, Renna Calloway, mtsogoleri wa osewera, anali ataleka kuponya mpira. Anayandikira ataukumbatira pamimba.

"Kochi, inenso andiimbira a Ashgrove. Akuti luso langa likuwolera kuno, palibe adzalione."

Bambo Stroud anagwiritsa makwerero. Popanda Renna, timuyo inali yosaopsa aliyense.

"Sanakunamize zonse, mwanawe," anayankha Mayi Yarbrough mosafulumira. "Kwawo kuli makamera, kuno kulibe. Ukafuna kupita, sindikugwira mwendo. Koma tsiku limene tidzalowe m'holo yawo, makamera omwewo adzayang'ana mbali zonse ziwiri. Usankhe wekha malaya odzavala."

Renna anayang'ana mbendera ija kwa nthawi. Anakumbukira mmene otsatira Ashgrove ankawakuwizira chaka chilichonse kuti ndi ana a okumba malasha, onunkha utsi.

"Zofiira sizindikhala, Kochi," anatero pomaliza. "Ndimaoneka ngati phwetekere." Kenako anakweza mawu: "Bambo Stroud, isiyeni pomwepo! Ndikamatopa ndiziiona, ndizipsa mtima."

Bambowo anatsika pang'onopang'ono, akung'ung'udza.

"Awiri inu mudzandikalambitsa. Nanga akakatichititsa manyazi?"

"Mudzaitsitse nokha, ine ndidzakugwirirani makwerero," anatero mphunzitsiyo. "Pitani mukaimbe."

Mu Disembala atsikana a Corbin Hill anakwera basi kupita ku Ashgrove, Renna ali patsogolo, atavala malaya ake obiriwira. Usiku umenewo, amene anachita manyazi pamaso pa makamera sanali iwo. Chaka chotsatira, Bambo Stroud ataimbanso kupempha tsiku la masewero, a Ashgrove anayankha mwaulemu kuti masiku awo onse adzaza. Mbendera yofiira ija sinatsitsidwe.