Thirani Zoyerazo Poyamba

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinaima kuseri kwa kauntala ya bala ya hotela, ndipo panchi wanga anthu ankamudziwa. Ramu woyera, ramu wakuda, madzi a chinanazi, a malalanje, mandimu, madzi a shuga, ndi timadontho tofiira pamwamba. Sindinkalemba muyezo. Ndinkaviika kapaipi koyamwira mu jagi, kutseka kumwamba ndi chala, kudonthetsera pa lilime. Lilime ndiye linkandiuza chosowa. Lilime lomwelo linandichotsetsa ntchito, linathamangitsa mkazi wanga, mpaka linandigoneka kuseri kwa depoti ya mabasi.

Anakanditola kumeneko ndi mwana wanga wamkazi, amene tonse timamutcha Anesi chifukwa cha ntchito yake ya unamwino. Anandipatsa kachipinda ka kuseri kwa khitchini ndi kiyi wake. Mawu ake anali ochepa: "Ababa, dontho limodzi lokha, mubwerera komwe ndakutengani." Papita zaka zinayi. Mpaka lero akachokera ku ntchito amandipatsa moni pafupi kwambiri ndi nkhope. Amayesa sindidziwa kuti akununkhiza.

Mwamuna wake ine mumtima ndimamutcha Chitayi, chifukwa tayi savula ngakhale Loweruka. Kawiri konse ndinamupeza akuyeza kachipinda kanga ndi tepi. Akuti ankafuna kuikamo shelefu. Shelefu ya mamita atatu, mbali zonse zinayi?

Ndiye tsiku lina anabwera akumwetulira. "Apongozi, abwana anga akuti amakukumbukani ku hotela kuja. Akubwera Loweruka masana ndi akazi awo. Akuti akufuna panchi uja."

Ndinayang'ana Anesi. Iye anayang'ana pansi, kenako anati, "Musakaniza zipatso zokha. Mabotolo agwira ndi bambo a m'nyumba muno, kulawanso alawa okha. Ine ndiweruka thwelofu."

Ndinavomera, koma ndinadziwa kuti apa atchera. Munthu wofuna chipinda sangabweretse mabotolo awiri a ramu m'nyumba mopanda cholinga.

Loweruka ndinadzuka m'mawa, ndinawiritsa shuga ndi madzi mpaka zinayera mbee, ndinathira m'kabotolo kakale ka jamu kuti zizizire pawindo. Chinanazi ndinasenda ndekha, ndinachisinja, ndinasefa kawiri. Manja anga akalamba, koma mpeni amaudziwabe. Chitayi analowa cha m'ma leveni, anaika mabotolo ake patebulo, wina woyera wina wakuda. Ine ndinawafulatira. Ndinkamva ngati kumsana kwanga kwaima munthu.

"Ndithandize chiyani, apongozi?"

"Musagwire mpeni. Mungadule tayi."

Anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inalili. Foni ili pakhutu, ankayankhula ndi ine ndi abwana ake nthawi imodzi.

Kachitidwe kanga kanali kosavuta. Zipatso ndi shuga ndisakanize poyamba, ndilawe zisanalowe mowa, ndikonze kuwawasa ndi kutsekemera. Ramu alowe pomaliza, ine nditasamba m'manja. Ndinathira madzi a chinanazi ndi a malalanje mu jagi yaikulu yagalasi, ndinatembenukira ku sinki kukafinya mandimu.

"Thirani zoyerazo poyamba, akamwini," ndinatero. "Theka la kapu."

"Zoyera?"

"Eya, zoyerazo. Kapena makutu nawonso mwamanga tayi?"

Ndinamva kuthira kumbuyo kwanga. Ndinabwera ndi mandimu, ndinatsanulira, ndinatakasa ndi supuni yaitali. Mpopi unali ukutuluka madzi, manja anga onse fungo la mandimu lokhalokha. Ndinaviika kapaipi, ndinatseka ndi chala, ndinakweza, ndinatsegula pakamwa.

Lilime linamuzindikira ramu msanga kuposa mutu. Kutentha kuja kunatsika pakhosi ngati munthu wolowa m'nyumba yake yakale, wodziwa pamene pali swichi. Ndinathamangira ku sinki, ndinalavula, ndinachukucha mkamwa katatu. Koma pang'ono panali patapita kale.

Nditadzutsa mutu ndinaona kabotolo ka jamu pawindo, kodzaza mpaka pakhosi, chivindikiro chili chitsekere. Patebulo botolo la ramu woyera linali lotsegula.

"Mwathira chiyani umu?"

Chitayi anatsitsa foni pang'onopang'ono. "Zoyera. Si mwanena nokha? Pali woyera ndi wakuda, ndiye ine..." Anayang'ana kapaipi m'dzanja langa, nkhope inasintha. "Apongozi, mwalawa?"

"Mwakondwa?"

"Ine ndimayesa mukunena ramu. Shugayo sindinamuone n'komwe."

"Tepi yanu ili kuti? Kayezeni bwino tsopano, bedi ndichotsa ndekha."

Panja geti inalira, nsapato za Anesi zinamveka pa simenti. Chitayi anatola chibenthu cha ndimu, anandipanikiza nacho m'dzanja.

"Tafunani ichi ndi khoko lomwe," ananong'ona. "Sitinena kanthu. Ine sindinaone, inu simunalawe. Chonde, fulumirani."

Ndinachiyang'ana chibenthucho. Chikanagwira ntchito, ndinkachita zimenezi kwa mamanijala zaka zambiri. Koma ndinaganiza: ndikatafuna, munthu uyu wandimanga chingwe m'khosi. Tsiku lililonse lomwe angafune chipinda, adzangoti kwa mkazi wake, kodi ukudziwa zimene anachita abambo ako Loweruka lija? Ndipo pakhosi panga, pansi penipeni, panali kena kake kakuti, tafuna, ndipo ukatafuna jagi ikadali pomwepa. Kameneko ndi kamene kanandiopsa kuposa Chitayi.

Ndinaponya ndimu mu sinki.

Anesi analowa ndi chikwama paphewa, yunifolomu yake yoyera itachita makwinya. Anayamba kubwera kwa ine monga mwa masiku onse.

"Usavutike kununkhiza," ndinatero. "Ramu wadutsa pakamwa panga."

Anaima. Chikwama sanatule. Anayang'ana jagi, botolo lotsegula, kapaipi, kenako ine.

"Mwameza?"

"Ndalavula. Koma pang'ono patsika."

"Tinagwirizana chiyani, ababa?"

"Dontho limodzi."

Furiji inali kulira yokha. Ndinapisa dzanja m'thumba, ndinagwira kiyi. Sindinafune kuti achite kundipempha. Sindinanene za Chitayi. Ndani akanakhulupirira chidakwa chakale pamaso pa munthu wa tayi? Iye akanangokhala chete, chipinda chinali chake. Ndinamuyang'ana, ndinadikira kuti akhale chete.

"Ndathira ndine," anatero Chitayi. "Anati thirani zoyera, amanena shuga ali pawindoyo. Ine ndathira ramu, iwo atafulatira. Sanadziwe. Komanso ndinawauza kuti tikubisire, akana."

Anesi anatembenukira kwa mwamuna wake. "Unawauza kuti mundibisire?"

"Ndinachita mantha."

"Tikambirana alendo akapita." Anatula chikwama pampando. Anabwera pafupi, osati kudzanunkhiza, anangotenga kapaipi m'dzanja langa n'kukaponya m'bini. Anaona dzanja langa lina lili m'thumba.

"Kiyiyo musiyeni momwemo. Koma mabotolo awa akutuluka ndi alendo lero lomwe, ngakhale otsala. Ndipo mawa simukhala nokha pakhomo, mupita nane ku ntchito, mukakhala pa benchi."

"Ngati wodwala?"

"Ngati abambo anga."

Ndinasamba m'manja nthawi yaitali. Chitayi anaima pafupi ndi jagi ngati akulondera maliro. Mpaka lero sindidziwa bwinobwino ngati shuga uja sanamuonedi. Za tepi zija sanandifotokozerebe zomveka.

Panja galimoto inaimba hutala.

"Akamwini," ndinatero ndili chifulatire, "thirani shuga ali pawindoyo, masupuni anayi. Wakudayo kotala la kapu, ayezi pomaliza. Mufinyenso mandimu awiri."

"Mwadziwa bwanji kuti mandimu achepa?" anafunsa Chitayi.

Anesi anandiyang'ana. Ine ndinapukuta manja, ndinalowa m'kachipinda kanga, ndinakhoma chitseko. Lilime linali likadandiuzabe zina, koma sindinalifunse.