Zigamba za M'mawondo

Overton ananyamula buluku lachitatu, kulitembenuza, n'kuliponya pamphasa. Nalonso linali ndi zigamba m'mawondo.

Linali tsiku lachinayi chiikireni m'manda mkulu wake, Hezron Luhanga, mphunzitsi wa Sitandade 1 ku Mwazisi, ndipo abale anasonkhana kudzagawana zovala za malemu monga mwa mwambo. Jekete inapita kwa amalume. Nsapato zinalimbiranidwa ndithu, ngakhale ndi anthu amene mapazi awo sakanalowamo. Koma mabuluku aliyense ankangowayang'ana cham'mbali. Wina anafunsa ngati aphunzitsi ankapita kusukulu chokwawa, anthu n'kuseka chapansipansi poti panali pamaliro.

Lena, mkazi wa malemu, sanaseke. Zigambazo anasoka ndi iye, ndipo ankadziwa chimene chinkadya nsaluyo.

Chiyambireni sukulu yaulere, kalasi ya Hezron inkadzaza mpaka ana ena kukhala pakhomo. Amene chaka chinkawathera asanathe kulemba dzina lawo, iye ankawaitana masana kuchigafa cha kuseri kwa nyumba. Anachimangira khoma limodzi, n'kulipaka penti yakuda kuti likhale bolodi. Chigafacho ndi chimene Overton ankachifuna. Fodya wake anali atakhwima, ndipo analengeza pamphasa pomwepo kuti Lolemba agumula khomalo kuti mphepo izidutsa, apachikemo fodya. Malo ndi a kwa Luhanga, anatero, ndipo mlamu wake, munthu wa ku Dedza, asalowerere za eni mudzi.

Lena anapsa mtima, koma analankhula motsitsa.

"Ana aja afika pa chilembo cha m. Mukagumula, atsalira pomwepo."

"Alamu, pepani chomene, koma sukulu yapita ndi mwini wake. Inu muli ndi setifiketi yauphunzitsi?"

"Ndilibe. Ndinalekera Sitandade 6. Koma Sitandade 1 ndinakhoza."

Azimayi anabisa nkhope m'zitenje. Lena anapempha kuti gawo lake likhale mabuluku atatu aja, ndipo sipanapezeke wokana. Katundu wosafunidwa ndi munthu abale amapereka mowolowa manja.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Lena anangonena kwa amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mumpingo, kuti ana abwere mawa monga mwa nthawi zonse. Sanapemphe zina.

Overton atafika Lolemba masana, nyundo ili paphewa, anapeza ana khumi ndi mmodzi atakhala pansi m'chigafa. Amayi awo anali atandandalika kunja kwa khoma, misana atatsamiza pamalo penipeni pomenya nyundo, miyendo atatambasula, wina akusenda nyemba. Anawapatsa moni. Anamuyankha "yewo" onse pamodzi, mwaulemu wonse, osasuntha ndi mmodzi yemwe. Kumapeto kwa mzerewo kunali mkazi wa Overton yemweyo. Mwana wawo Rahab, amene ankabwereza Sitandade 1, anali m'katimo ndi kope lake pamiyendo.

Overton anatsitsa nyundo. Ananena kuti lero awasiya, koma mawa abweranso.

"Mutipeza, alamu," Lena anatero. "Mkuja tilinso pompano."

Kulankhula kunali kosavuta. Atatola choko, Lena anachita mantha kuti achita manyazi pamaso pa ana a eni ake. Chisoni nacho chinamugwira, chifukwa chokocho chinali chidutswa chimene mwamuna wake anasiya chitadyeka mbali imodzi.

Khoma lonse kumtunda linali lakuda bii, losakhudzidwa. Zilembo za Hezron, kuyambira a mpaka m, zinali m'munsi, m'mzere umodzi wolekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu, pomwe maso a mwana amafika osadzutsa khosi. Pansi pa khomalo, dothi linali ndi timaenje tiwiri tosalala, toyandikana.

Lena anatenga limodzi la mabuluku aja, kulipinda, n'kuliyala pa timaenjeto. Anagwada pomwepo, mutu wake n'kulingana ndi mitu ya ana, ndipo pafupi ndi m analemba n.