Mavalavu Okana Maginito

Njinga yamoto ija inali ya malemu mwamuna wanga. Inakhala pakhonde ikuchita dzimbiri mpaka mwana wanga anaidzutsa. Koma sanakhutire kuti ikuyenda. Anapita nayo kwa makaniko kukakulitsa injini kuti izithamanga ngati za masiku ano. Mavuto anayambira pomwepo. Mu injini muli tizitsulo tokhala ngati misomali ya mutu waukulu, amati mavalavu. Tinkapsa n'kupindika. Akasintha, tapsanso.

Chibadwire, zinthu za mwana ameneyu ndimagula ndine. Nsapato, bedi, ngakhale suti ya ukwati. Ogulitsa akandiona amayamba kupukuta thukuta. Ndiye tsiku lina tikudya ndinangomva mwana wangayo akuti, "Mavalavu olimba apezeka kwa a Ndevu a masipeya. Mayi a mwana awasungitsa, akatenga mawa."

"Wapeza ndani?"

"Mpongozi wanu, amayi. Wazungulira mashopu onse ameneyu."

Anamuyang'ana mkazi wakeyo ngati wamugulira ndege. Mtsikana woti anyezi amagula pa mtengo woyamba, n'kuthokozanso!

M'mawa ndinalawirira iwo asanadzuke. M'chikwama ndinaika maginito anga ochokera m'sipika ya wailesi yakale. Ine chitsulo sindigula osachiyesa. Khasu, loko, mpeni, chikakana maginito ndiye kuti ndi chinyengo.

"Mwabwera nokha, mayi?" anatero a Ndevu, nkhope itagwa kale. "Tinapangana ndi mpongozi wanu."

"Amene anabereka mwini njinga ndine. Tulutsani."

Anatulutsa mavalavu onyezimira ngati masipuni a alendo. Ndinagunditsa maginito. Sanagwire, anagwa pakauntala. Ndinayesanso, anagwanso. Mtima wanga unavina.

"Akuba inu! Mwaona kamtsikana kaulemu mwati mukagulitse malata?"

"Mayi, awa amapangidwa choncho kuti asapse. Mverani kaye..."

"Ndimvere chiyani? Maso ndilibe?"

Ndinakuwa mpaka owotcherera zitsulo a shopu yoyandikana anazimitsa moto kubwera kudzaonera. A Ndevu anakweza manja, anatsitsa bokosi lina lafumbi. Amenewo maginito anakakamira, kuchotsa kwake mpaka kukoka. Mtengo ndinaufinya mpaka bamboyo anati nditenge ndizipita, mutu ukumuwawa.

Kunyumba ndinapeza mwana wanga atamasula kale injini, mkazi wake atamugwirira sipanala. Ndinaponya bokosi pakati pawo.

"Ona chitsulo chenicheni. Akazi akowa anatsala pang'ono kukugulira malata."

Anatulutsa limodzi, analitembenuza, kenako anatola lopsa lija pansi n'kuwaika pamodzi.

"Amayi, awa ndi omwe aja akhala akupsa."

"Akugwira maginito!"

"Eya, n'chifukwa chake. Olimbawo ndi chitsulo china, chopirira moto. Maginito sichigwira. Makaniko anatiuza, ndipo mayi a mwana anakayesa okha kuti atsimikize."

Ndinayembekeza kuti mpongoziyo aseke, ndimuyankhe bwino. Sanaseke. Anangoti, "Pepani amayi, tikanakuuzani." Ulemu wake umenewo ndi umene umandipsetsa mtima, sukupatsa pogwira.

Ndinanyamula chikwama. "Bweretsa, ndikabweze. Ndevu ameneyo sangandikanire."

"Khalani, amayi. Mwatopa." Bokosi analipereka m'manja mwa mkazi wake, pamaso panga.

Sindinatope ine. Ndinakhala pampando pakhonde ndikuyang'ana pageti, ndikudziwa kuti abwera chimanjamanja. Wogulitsa sasinthira katundu munthu wolankhula ngati akupemphera. Akalephera, mwana wanga adzabwera yekha kudzati, amayi tithandizeni.

Anabwera masana, akumwetulira, mavalavu onyezimira aja ali m'manja.

"Anavuta?" anafunsa mwamuna wake.

"Ayi. Anatsitsanso mtengo, kuposa uja wa amayi."

Ndinadzuka. "Ukunama! Unamuuza chiyani?"

Anayang'ana pansi. "Palibe, amayi. Anangoti ndilonjeze kuti masipeya a nyumba ino ndizikagula ndine."

"Ndiye iwe unati chiyani?"

"Ndinalonjeza."

Mwana wanga anaseka mpaka sipanala inagwa, mwana amene ndinamubereka ndekha pa ululu. Kenako anawerama onse awiri pa injini, mitu itagundana, akunong'onezana za tizitsulo tawo. Ndinawauza kuti mwana akulira m'nyumba. Palibe anatembenuka, ndiye ndinapita kukamunyamula ndekha.